Nkhalango Imene Tinaisesa

Anthu akamadutsa pamalo oimikapo magalimoto aja, kumaso kwa masitolo a magalasi, amati nkhalango imene inali pamenepo inaphedwa ndi macheka. Ine ndimangokhala chete, chifukwa ndinalipo. Macheka anabwera pambuyo. Tinayamba ndife, ndi masache, ndipo amene anatitsogolera anali alamu anga, munthu amene ankaikonda nkhalangoyo kuposa tonsefe.

Alamu angawo anali akazi a achimwene anga. Achimwene anali mlonda wa pachipata cha nkhalangoyo, ndipo atamwalira ndi chifuwa, a khonsolo ya mzinda anawamvera chisoni amasiyewo nawapatsa ntchito yosesa njira za m'katimo. Anaigwira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Dzina lawo lenileni linaiwalika. Aliyense, kuyambira akapitawo mpaka ana asukulu, ankangoti Atsache. Ine ndinali wosoka nsapato, ndipo benchi langa linali patsinde pa mkuyu wa pachipata pomwepo. Motero ntchito yawo yonse ndinaionera pamenepo, singano ili m'manja, ulusi uli kukamwa.

Nkhalangoyo sinali yaikulu, koma inali pakati penipeni pa mzinda, misewu itaizinga mbali zonse. Kumtunda kunali kwathyathyathya, kuli mbawa zikuluzikulu, mithethe, njira zitatu ndi mabenchi. Kumunsi nthaka inkatsetsereka mpaka m'khwawa momwe munkayenda kamtsinje. Dzuwa likaswa mtengo, phula likamata ku nsapato, munthu ukangolowa pachipata paja thukuta linkauma lokha. Makalaliki ankadzadyeramo nkhomaliro, onyamula katundu ankadzagonamo tulo ta masana, ndipo akwati ankadzajambulitsamo zithunzi.

Alamu ankafika mbandakucha ndi masache atatu omanga okha: lolimba la masamba onyowa, lofewa la fumbi, ndi kena kakang'ono kolowetsa kunsi kwa mabenchi. Ankasesa akubwerera cham'mbuyo kuti asasiye phazi lawo, ndipo njira inkatsala ndi mizere yokhotakhota ngati mamba a nsomba. Munthu woyamba kupondapo ankachita manyazi.

"Alamu, ulusi wanu uwo wagwa pansi," ankandiuza akafika pabenchi langa.

"Ndi kaulusi chabe, alamu."

"Lero kaulusi, mawa chidendene, mkuja mudzagwa ndinu. Ndidzakuwolerani limodzi ndi zinyalala."

"Mukadzanditaya, adzakusekani ndani?"

"Tolani ulusiwo, pakamwa mutseke."

Ndinkatola. Kunyumba kwawo kunali chimodzimodzi: chipinda chimodzi, simenti yofiira yonyezimira, mapoto oti nkudziyang'anirapo pometa ndevu. Koma panali mtengo umodzi umene ankauchedwerapo. Inali mbawa ya pamphambano ya njira, pamene achimwene ankakhala podya nkhomaliro. Akafika pamenepo ankaimika tsache, nagwira khungwa ndi chikhatho, nayankhula motsitsa mawu kanthawi. Zimene ankanenazo sindinafunsepo.

Chinthu chimodzi chokha chinkawawawa mtima. Ntchito yawo inali ya m'njira basi. Kunja kwa njira masamba ankangounjikana chaka ndi chaka, zipika zinkawolera pomwe zagwera, timitengo tinkamera mwaunyinji. Alamu ankati ndi uve. Kawirikawiri ankadandaula kwa akapitawo, koma akapitawo, amene kale anali dalaivala wa lole ya zinyalala ndipo za mitengo sankazidziwa, ankangoti antchito ndi ochepa.

Chaka chimenecho mzinda unali utatupa. Kumene kunali madimba kunamera nyumba zosanjikiza, ndipo bwalo limene ana ankamenyerapo mpira linasanduka pomwetsera mafuta. Tsiku lina akapitawo anasonkhanitsa antchito awo asanu pachipata, ife ogwirira ntchito pamenepo tikumva.

"Kampani ina yapempha malo ano," anatero. "Akufuna kumangapo masitolo ndi poimika magalimoto. Koma akuti nkhalango yamoyo sadula. Ndiye pakatha milungu iwiri a khonsolo atumiza katswiri wa za mitengo kuti adzaone. Akapeza kuti ndi yamoyo, ikhala. Akapeza kuti yatha, ipita."

Amayi ogulitsa zipatso anagwira pakamwa. Woyamba kuyankhula anali alamu.

"Ndiye kuti kukubwera mlendo?"

"Eya, Atsache."

"Wodzaona ngati timasamala?"

"Tingatero."

"Nanga mwaimiranji? Mukufuna adzapeze uve uwu atilande malo?"

Palibe anatsutsa. Ndani akanatsutsa? Tonsefe tinaleredwa chimodzimodzi: kukamabwera munthu wamkulu, umasesa, umalambula, zonyansa umabisa kuseri. Akapitawo anakatenga zikwanje, zotchetchera, mawilibala ndi matumba anayi a njereza. Ine ndinatseka benchi langa masiku anayi. Amayi a zipatso anabwera ndi makasu awo. Ngakhale wojambula zithunzi, amene sankafuna kuti thalauza lake lidetsedwe, anapinda miyendo yake nagwira fosholo.

Tinayamba ndi masamba. Anali masamba a zaka zambirimbiri, pamwamba ouma, pansi akuda bii, ofunda, onunkhira ngati mvula yoyamba. Tikawavundukula munkatuluka abongololo, nyongolotsi ndi tizilombo tina tosadziwika maina. Tinawola zonse mpaka nthaka inaonekera. Zipika zowola zomera bowa tinazikunkhuniza, tinaziwaza. Panali mthethe wina wouma, wamphako, momwe munkagogoda gogomole m'mawa uliwonse. Tinaugwetsa kuti ungachititse manyazi. Moto unayaka masiku atatu, utsi uli tolo.

Kenaka tinafika pa timitengo. Tinalipo tosawerengeka, tina tofika m'bondo, tina m'chiuno, tina tongotuluka kumene ndi timasamba tiwiri.

"Alamu, kodi itinso?" ndinafunsa.

"Zulani. Mlendo adzayenda bwanji? Mukufuna adzakodwe agwe chafufumimba?"

Ndinazula. Kamodzi ndikukakumbukira mpaka lero. Pamwamba kanali kafupi ngati chala, koma muzu wake unali wotalika kuposa mkono wanga, ndipo kanakana, kanakana, mpaka ndinagwa chagada. Onse anaseka. Nanenso ndinaseka, nkukaponya pamoto.

Pomaliza tinapaka njereza mitengo yonse kuyambira patsinde mpaka pachifuwa cha munthu. Inaima mbee, ngati ana asukulu ovala masokosi oyera. Unkati ukaima pachipata, nkuona msewu wa tsidya linalo. Mbalame zinangoti zii. Tinati zathawa utsi, zibwera.

Masiku anatithera tisanafike kukhwawa. Madzulo a tsiku lomaliza alamu anaima pamene nthaka inkayambira kutsetsereka, akuyang'ana ziyangoyango, minga ndi zilambe zolendewera.

"Manyazi anga ndi awa," anatero.

Anapita kunyumba nakamasula chingwe chawo choyanikira zovala, nalumikiza ndi zingwe za amayi a zipatso, nachimanga mtengo ndi mtengo kuchokera mpanda uwu kukafika mpanda uwo. Wojambula zithunzi analemba pakatoni kuti kumunsiko kuli mavu, munthu asapiteko. Tinaona kuti nzeru imeneyo inali yakupsa.

Tsiku lija alamu anavala yunifolomu yosita, mpango woyera kumutu. Tinkayembekeza bambo wa jekete, koma m'galimoto munatsika mtsikana wovala jombo, atanyamula kachikwama, zikhomo ndi chingwe chopota. Pambuyo pake panatsika bwana wa kampani ija, wa tayi yofiira. Katswiriyo atangolowa pachipata anaima chilili, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa. Wojambula zithunzi anandigunda ndi chigongono.

"Wagoma," anandinong'oneza.

Ntchito yake inali yachilendo. Ankakhoma zikhomo zinayi, nkuzinga chingwe kupanga kabwalo, nkugwada m'katimo nkumayang'ana pansi. Akatero ankakanda nthaka ndi chala. Nthakayo inali gwa ngati njerwa, pamwamba kafumbi. Ankalemba kenakake m'kabuku, nkuzula zikhomo, nkupita kwina. Anachita zimenezi kakhumi ndi kawiri. Akamapita patsogolo nkhope yake inkagwa, pamene ya bwana wa kampani inkawala.

"Kuyera bwanji muno!" anatero bwanayo. "Ngati pabwalo la mpira."

Alamu anawerama pang'ono nawomba m'manja mwaulemu. Tinayesa akutiyamikira.

Kenaka katswiri uja anatembenukira kwa akapitawo. "Kodi muno mumakhala chonchi masiku onse?"

Akapitawo asanatsegule pakamwa, alamu anasendera kutsogolo. "Masiku onse, madamu. Zaka makumi atatu. Muno tsamba siligona pansi."

Alamu anga sanali munthu wabodza. Limeneli linali bodza la mwini nyumba aliyense, lija timanena mlendo akayamikira nsalu ya patebulo, ife nkumati timayala tsiku lililonse.

"Nanga timitengo tating'ono sitimera?"

"Muno? Iyayi, madamu. Muno mulibe tchire."

"Kumunsi kwa chingwe uko kuli chiyani?"

"Kulibe kanthu. Ndi kotaya zinyalala basi, ndi mavu. Angakulumeni."

Mtsikanayo anayang'ana kumunsiko kanthawi. Bwana wa kampani anagogoda wotchi yake ndi chala nati galimoto ikudikira. Ndiye mtsikanayo anatseka kabuku kake, nagwira dzanja la alamu ndi manja awiri.

"Zikomo, amayi. Ndaona kuti mumagwira ntchito ndi mtima wonse."

Mawu ake anali ngati a munthu wopepesa maliro, koma ife sitinamve. Galimoto itangochoka amayi a zipatso analulutira, ndipo alamu, amene sindinawaonepo akuvina chimwalirire achimwene, anazungulira kawiri ndi tsache m'mwamba.

Panapita milungu isanu. Mmawa wina ndikufika ndi bokosi langa la zida, ndinapeza anthu akukhoma malata kuzungulira nkhalango yonse. Pachipata anali atamatapo chikalata chokutira m'pulasitiki. Alamu anali ataima patsogolo pake, masache atatu ali m'khwapa. Maso awo sankaonanso zilembo zing'onozing'ono.

"Alamu, valani magalasi anuwo mundiwerengere."

Ndinavala magalasi anga osokera, ndinawerenga mokweza. Chikalatacho chinkati katswiri wapeza kuti pamalopo pali mitengo yakale yokhayokha. M'mabwalo khumi ndi awiri amene anayeza sanapezemo mbande ngakhale imodzi. Nthaka ndi youma, yopanda manyowa a masamba, ndipo mulibe zipika zowola kapena zisa. Ogwira ntchito atsimikiza kuti zakhala chonchi zaka makumi atatu. Choncho mitengoyo siikuberekanso, ndipo malowo sangawerengedwe ngati nkhalango yamoyo.



"Werenganinso," anatero alamu.

Ndinawerenganso.

"Mbande akunenazo ndi timitengo tija?"

"Tomwe tija, alamu."

"Tija tinazula?"

"Eya."

"Manyowa ndi masamba aja tinatentha?"

Ndinapinda magalasi anga.

"Ogwira ntchito atsimikiza," anabwereza pang'onopang'ono. "Ameneyo ndine."

Masache anagwa pansi limodzilimodzi. Kenaka alamu anakhala pansi, pafumbi penipeni, ndi yunifolomu yawo yosita, miyendo atatambasula ngati mwana. Zaka zonsezo sindinawaonepo atakhala pansi popanda kuyala kanthu. Sanalire. Ankangoyang'ana zikhatho zawo, nkuzitembenuza, nkuziyang'ananso, ngati ndi za munthu wina. Akapitawo anayamba kunena kuti iwo sanayankhulepo kanthu tsiku lija, mboni zilipo. Wojambula zithunzi anangotembenuka nkumapita. Ine ndinakhala pabokosi langa.

Macheka a injini anayamba masana omwewo. Anayambira pamphambano ya njira, chifukwa mpamene lole ikanafika msanga. Mbawa ya achimwene inalira ngati chitseko chakale, inapendekeka, kenaka inagwa. Nthaka inanjenjemera mpaka singano zinadumpha m'kachitini kanga. Panatsala chitsa chovala sokosi yoyera. Alamu anaonera pampata wa malata mpaka mtengowo unadulidwa zidutswa, kenaka anatola masache awo napita osatsanzika.

Ndinkaganiza kuti sadzabweranso. Koma mmawa mwake anafika opanda tsache, atanyamula beseni lochapira ndi khasu. Alonda a kampani anawalola kulowa poona yunifolomu. Anadutsa pakati pa zitsa, anawerama kunsi kwa chingwe chawo chija, nalowa m'ziyangoyango zimene ankati ndi manyazi awo. Potuluka anali atasenza beseni lodzaza: masamba akuda owola, chidutswa cha chipika chomera bowa, ndi timitengo titatu tokumba ndi dothi lake. Madzi akuda ankadontha pampango woyera uja nkutsikira m'khosi.

"Tsekani benchi, alamu. Mundiperekeze."

Tinayenda pakati pa mzinda, iwo patsogolo, ine pambuyo. Anthu ankapatuka atagwira mphuno. Wina anafuula kuti Atsache apenga, ayamba kubweza zinyalala zimene anasesa. Iwo osacheuka. Pa ofesi ya katswiri uja mlonda anatambasula dzanja.

"Amayi, zimenezo sizilowa muno."

"Mwana iwe, ine ndayamba kusesa mzinda uno iwe usanamere mano. Ndikudziwa zimene zimalowa ndi zimene sizilowa. Patuka."

Anapatuka. Tinadikira m'khonde mpaka dzuwa linafika pamutu, beseni lili pamiyendo pawo. Chitseko chitatseguka analowa nalitula patebulo la katswiri uja, pamwamba pa mapepala. Bongololo anatuluka nayamba kuyenda pakabuku.

"Madamu, ine ndinakunamizani."

Mtsikanayo sanayang'ane nkhope yawo. Anali atagwira kale kamtengo kamodzi, akutembenuza tsamba lake.

"Iyi ndi mbawa. Mwazitenga kuti izi, amayi?"

"Kwa mavu kuja."

"Kuliko zambiri?"

"Simungaponde pansi. Kumtunda konse kunalinso chonchi. Tinasesa."

"Munasesa?"

"Milungu iwiri musanabwere. Tinazula, tinatentha, tinapaka njereza. Awa ndi alamu anga, analipo."

Ndinagwedeza mutu. Katswiriyo anakhala pampando pang'onopang'ono, manja ali kumutu.

"Munasesa nkhalango yonse? Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa cha inu. Kuti mudzaone kuti timasamala."

"Amayi inu! Zimene munatenthazo ndi zimene ndinabwera kudzawerenga!"

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinafunsa."

"Munafunsa ngati mlendo. Ine ndinayankha ngati mwini nyumba."

Kenaka mtsikanayo anayankhula motsitsa, osayang'ana aliyense. "Phulusa ndinaliona. Fungo la njereza yatsopano ndinalimva. Ndinayenera kuwoloka chingwe chija, koma ndinamvera wotchi ya munthu wina." Anawerama nasolola jombo zake kunsi kwa tebulo. "Tiyeni."

M'khwawa muja munali mdima wozizira ngati wa nkhalango yonse kale. Mapazi ankamira m'masamba. Katswiri anakhoma zikhomo zake, napatsa alamu nsonga ya chingwe kuti agwire, nagwada, nayamba kuwerenga mokweza. Kumtunda macheka ankalira, iye nkumakweza mawu. Kabwalo koyamba anapezamo mbande makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Kachiwiri zinaposa pamenepo. Anatiuza kuti njere za mbawa zili ndi phiko, ndipo mphepo imazitsitsira kumunsi. Zambiri mwa mbandezo zinali ana a mitengo imene inkagwa kumtundayo.

"Ndi ya pamphambano ija yomwe?" anafunsa alamu.

"Imeneyo makamaka. Inali yaikulu kuposa yonse."

Alamu anayang'ana timitengo tozungulira mapazi awo, nasuntha phazi limodzi mosamala ngati aponda mazira. Nthawi yomweyo china chake chinandibaya kukhutu ngati singano yamoto. Ndinakuwa, ndinathawa chokwawa, magalasi kugwera uko. Mavu analiko ndithu.

"Mwaona, madamu," anatero alamu, "pa mavu pokha sindinaname."

Anayamba kuseka, ndipo kusekako kunapitirira mpaka kunasanduka kulira. Analira atagwira chingwe, osachisiya, kuopa kusokoneza kabwalo.

Katswiri anati alemba kalata yatsopano tsiku lomwelo, koma kuti idutse m'maofesi onse pafunika masiku. Za kumtunda anatiuza mosabisa kuti sangazibweze. Chimene chatsala nkumenyera khwawa. Macheka sanadikire kalata. Tsiku ndi tsiku zitsa zoyera zinkasendera kumunsi. Mkuyu wanga unagwa tsiku lachisanu, ndipo ndinasoka nsapato padzuwa koyamba m'moyo wanga. Alamu mmawa uliwonse ankapita kukakhala patsinde pa mtengo umene anamangapo chingwe, tsache lili pamiyendo, osasesa kanthu.

Tsiku lachisanu ndi chitatu ocheka anafika pachingwepo. Ndinasiya nsapato ndinathamangira komweko. Mkulu wawo, bambo wa utuchi m'ndevu, anazimitsa injini.

"Amayi, tachokani. Tauzidwa kuti mpaka kumtsinje."

"Kalata ikubwera."

"Ife za makalata sitidziwa."

"Ndiye dziwani za chingwechi. Ndi changa, ndimayanikira zovala. Mitengo ndinakupatsani ndekha ndi pakamwa pangapa, koma chingwe sindinakupatseni."

"Timasula bwinobwino, tikupatsani."

"Yambani mwamasula ine."

Bamboyo anayang'ana alamu, anayang'ana ine ndi khutu langa lotupa, anayang'ana anzake. Kenaka analavula utuchi nati zipika zoti akweze m'lole zilipo zambiri, zimenezo ziwakwanira lero, za mawa aona mawa.

Kalata inafika mmawa mwake, katswiri ataibweretsa yekha, akuthamanga ndi jombo zake. Inati kumunsi kwa chingwe ndi nkhalango yamoyo, ndipo sikudulidwa. Oyeza malo atabwera anakhoma zikhomo zawo zachitsulo motsatira chingwe chomwecho, mokhota momwe chinakhotera. Mpaka lero mpanda wa pamenepo ndi wokhotakhota, ndipo anthu amadabwa kuti anayeza ndani. Malire ake ndi a pamene tinalekezera kusesa.

Magawo awiri mwa atatu anapita. Kumtunda anathira phula, anajambula mizere yoyera ya magalimoto, ndipo pamene panali mbawa ya achimwene pali kanyumba ka mlonda. Alamu sanadutsepo pamenepo ngakhale kamodzi. Ankazungulira msewu wakumbuyo, ulendo wotalika kawiri.

A khonsolo sanawachotse ntchito, koma malangizo anasintha. Anatsegula kanjira kamodzi kotsikira kumtsinje. Ntchito yawo inali kutola mapepala ndi mapulasitiki, ndi kusesa kanjirako basi, ndiponso masamba osawataya, koma kuwakankhira m'mbali kuti akawolere m'mitengo. Timitengo titatu ta m'beseni tija anatibwezera pomwe anatikumba. Ine ndinasamutsira benchi langa pachipata chatsopanocho.

Sizinali zapafupi kwa iwo. Nthawi yoyoyoka masamba ndinkawaona ataima m'kanjira, akuyang'ana mulu wa m'mbali, zala zikufinya mpini wa tsache mpaka kuyera.

"Alamu, zikundiyabwa," ankatero.

"Kandani."

"Inu mumaona ngati nthabwala. Taonani chipika icho, chagona ngati chidakwa."

"Chisiyeni. Chili pantchito."

Ankadzuma, nkukhala pambali panga. Ana asukulu akalumpha kanjira nkuponda m'mbali, ankawathamangitsa ndi tsache lomwelo: "Tulukamo iwe! Ukuponda ana a eni ake!" Za tsiku la njereza sitinakambiranepo, kupatula kamodzi. Anali akuyang'ana masitolo aja pamwamba pa mpanda, nati, "Tinagwiratu ntchito, alamu. Chikhalire sindinagwirepo ntchito ndi mphamvu ngati milungu iwiri ija."

Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, kenaka anatisiya, nthawi ya mvula. Katswiri uja anabwera kumaliro, atakula tsopano, nakhala pansi pamodzi ndi amayi a zipatso.

Maso anga anatha, nsapato sindisokanso, koma ndimapitabe kukakhala pachipata paja. Mbawa zimene zinali zofika m'bondo tsiku lija zapitirira mapolo a magetsi. Gogomole anabwerera, ndimamumva m'mawa. Masamba m'mbali mwa kanjira afika m'akakolo, akuda, onyowa, ndipo palibe amene amawakhudza. Koma kaulusi kakathothoka pa malaya anga nkugwa pansi, ndimawerama, ngakhale msana ukukana, nkukatola.